Kuchoka kwa Marx Kudzafika pa Chanida

Malire amene amadutsa kummwera kwa boma la Chadiza anakhazikitsidwa ndi Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, ndipo palibe Mchewa amene anafunsidwa. Mzerewo unagawa mbumba pawiri: agogo ku Chifunde, adzukulu kwa Mlolo kapena kwa Mwangala. Ngakhale likulu lakale la Undi, ku Mano, linatsalira tsidya la Apwitikizi. Choncho munthu wa kuno akamva kuti atsogoleri akukambirana zophatikiza misika, kuchotsa misonkho ndi kufewetsa malire, samva ngati nkhani ya kutali. Akumva za njira yopita kumaliro, kuchigayo ndi kumsika.

Tsidya limenelo, la Mozambique, kwa zaka khumi ndi ziwiri, linali dziko lotsata chiphunzitso cha Marx ndi Lenin. Chipani cha Frelimo chinalengeza zimenezi pamsonkhano wake waukulu wa 1977, pasanathe zaka ziwiri chilandirire ufulu pa 25 Juni 1975. Boma linatenga minda ikuluikulu ndi nyumba za lendi, linatsegula masitolo akeake, linasamutsira anthu m'midzi ya pamodzi, ndipo inafika nthawi yoti munthu sangayende ulendo popanda kalata ya akuluakulu a chipani. Lero dziko lomwelo lili mu SADC, mu Commonwealth, ndiponso m'gulu la mayiko olankhula Chipwitikizi. Kodi kulowa m'magulu onsewa kunapindulira ndani? Nanga ife oyandikana nawo tizifuna kuti mfundozo zimangidwe molimba kuposa mmene zilili panopa?

Ambiri amaiwala kuti khomo loyamba limene Pulezidenti Samora Machel anagogoda silinali la mayiko a kumadzulo. Anapempha kulowa mu Comecon, gulu la zachuma la Soviet Union ndi anzake, koma mu 1981 anamukanira. A ku Moscow anali atasenza kale Cuba ndi Vietnam ndipo sanafune mtolo wina. Nkhondo ya zigawenga za Renamo inakula, chilala chinagwa, ndipo mu 1984 Mozambique analowa mu IMF ndi World Bank, nasainanso pangano la Lomé ndi mayiko a ku Ulaya. Mu 1989 Frelimo inasiya kudzitcha chipani cha Marx, mu 1992 mtendere unasainidwa ku Rome, mu 1994 kunachitika chisankho cha zipani zambiri. Mu Novembala 1995, ku Auckland, dzikolo linalandiridwa mu Commonwealth, loyamba kulowamo lisanalamulidwepo ndi Britain kapena dziko lina la m'gululi. Mayiko onse asanu ndi limodzi ozungulira Mozambique anali kale m'gululi, ndipo ndiwo anamulankhulira.

Za SADC n'zosiyana pang'ono. Mozambique sanachite kupempha malo. Anali mmodzi wa asanu ndi anayi amene anayambitsa gululi ku Lusaka pa 1 Epulo 1980, likutchedwa SADCC. Cholinga nthawi imeneyo chinali kuchepetsa kudalira South Africa wa tsankho, ndipo a Machel anakhala tebulo limodzi ndi nduna za a Kamuzu Banda, amene ankadana ndi chikomyunizimu ndi mtima wonse. Mozambique anapatsidwa kuyang'anira za mayendedwe, chifukwa madoko ndi ake. Kusintha kwenikweni kunabwera ku Windhoek mu Ogasiti 1992, pamene gulu lothandizana kukonza njanji ndi misewu linasanduka gulu lofuna msika umodzi. Pamenepo n'kuti Zambia nayenso atangotsazika ulamuliro wa chipani chimodzi wa a Kaunda ndi makampani a boma. Onse awiri analowa mumsika waufulu ali ndi ngongole zofika m'khosi.

Ku Ulaya zinthu zotere zinachitika mokulirapo. Pa 1 Meyi 2004 mayiko asanu ndi atatu amene anali achikomyunizimu analowa mu European Union: Poland, Hungary, Czech Republic, Slovakia, Slovenia, Estonia, Latvia ndi Lithuania. Bulgaria ndi Romania anatsatira mu 2007, Croatia mu 2013. Iwowa analowa ngati mkamwini: sakambirana mwambo wa mudzi umene wakwatirako, amaupeza n'kuutsata, ndiye amapatsidwa munda. Malamulo anali olembedwa kale, ndipo chokambirana chinali chaka chowayambira basi. Lithuania anauzidwa kutseka malo ake opangira magetsi a nyukiliya ku Ignalina, amene ankapereka magetsi ambiri a dzikolo, ndipo anatsekadi. Alimi a mayiko atsopanowo anayamba ndi gawo limodzi la magawo anayi a ndalama zothandizira ulimi zimene anzawo a ku France ndi Germany ankalandira, n'kumakwera pang'onopang'ono kwa zaka pafupifupi khumi. Germany ndi Austria anakana kulandira antchito ochokera kumeneko mpaka 2011. Komabe mundawo unaperekedwa: ndalama za misewu, milatho ndi mipopi ya madzi zinayenderera kuchoka kwa olemera kupita kwa osauka, ndipo Poland wa lero si wa 1990. Mtengo wake unali anthu. Achinyamata anakhamukira ku London, Dublin ndi Madrid, ndipo Bulgaria, amene anali ndi anthu pafupifupi 9 miliyoni mu 1989, anawerengedwa 6.5 miliyoni mu 2021. Si onse amene anachepa chifukwa chosamuka, koma midzi yotsala ndi nkhalamba zokhazokha ilipo.

Pali anthu a ku Mozambique amene anaona kusinthako ndi maso awo. Pa pangano la maboma awiri achikomyunizimu, achinyamata masauzande ambiri anapita kukagwira ntchito m'mafakitale a East Germany, ndipo gawo la malipiro awo linkatumizidwa kwawo kuti akalilandire pobwerera. Mu Okutobala 1990 East Germany anaphatikizana ndi West Germany, n'kulowa m'gulu la Ulaya tsiku lomwelo. Antchitowo ambiri anakwezedwa ndege. Mpaka lero, akutchedwa Madgermanes, amaguba ku Maputo kufunsa ndalama zawo. Chitseko chimene chinatsegukira mzungu wa ku Leipzig n'chomwecho chinatsekera mnzake wogwira naye makina amodzi.

Wofuna kuikira kumbuyo mgwirizano wa kuno kwathu ayambire pa mtendere, ndipo ku Chadiza sasowa mboni. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zigawenga za Renamo zinkadumpha malire kudzatenga ng'ombe ndi chakudya, kuwotcha nyumba, kupha ndi kugwira anthu m'midzi ya m'mphepete ku Chadiza, Katete ndi Petauke. Mabanja ankagona kutchire, dzuwa likalowa. Othawa nkhondo anasonkhanitsidwa ku Ukwimi m'boma la Petauke, ndipo Malawi yekha anasunga oposa miliyoni imodzi. Mu Seputembala 1986 a Machel, a Kaunda ndi a Mugabe anapita ku Blantyre kukadzudzula a Banda kuti akulola Renamo kudutsa m'dziko lawo, ndipo a Machel pobwerera anaopseza kutseka malire n'kuikapo zida. Mwezi wotsatira anafa pangozi ya ndege ku Mbuzini, akuchokera ku Mbala kuno ku Zambia. Mu 2007 atsogoleri a Zambia, Malawi ndi Mozambique, a Levy Mwanawasa, a Bingu wa Mutharika ndi a Armando Guebuza, anakhala limodzi pa Kulamba ku Mkaika. Amene anagona kutchire aja safunika kuwafotokozera kusiyana kwake.

Wotsutsa ayankha kuti mtenderewo sunabwere ndi SADC, ndipo sakunama. Amene anakhazika pansi Frelimo ndi Renamo anali a Sant'Egidio, gulu la Akatolika a ku Rome, ndipo amene anayang'anira kutula zida anali a United Nations. Chimene chinazimitsa motowo kwenikweni n'chakuti tsankho linkatha ku South Africa ndipo Soviet Union inali itagwa, moti panalibenso wogulira nkhondoyo zipolopolo. Mfuti zitayambanso kulira pakati pa 2013 ndi 2016, anthu a ku Tete anathawiranso ku Kapise, ku Mwanza, gululi likungoyang'ana. Ku Cabo Delgado zigawenga zinayamba mu 2017, asilikali a SADC anafika mu 2021 a Rwanda, dziko losakhala m'gululi, atafika kale, ndipo a SADC anachoka mu 2024 nkhondo isanathe. Ine ndikuona kuti zonsezi n'zoona, koma sizifafaniza chinthu chimodzi: kuyambira 1992 palibe boma la m'chigawo chino limene lasunga zigawenga zoti zikawotche midzi ya mnzake wa m'malire athuwa. Kuonana kwa nduna ndi akuluakulu a asilikali chaka ndi chaka, ngakhale kumadya ndalama zambiri za mahotela, kuli ndi mbali yake pamenepo.

Phindu lachiwiri limaoneka pa msewu wa Katete kupita ku Chanida. Mathiraki a feteleza ndi mafuta ochokera ku Beira amalowera pamenepo, ndipo a kopa amatulukira pomwepo kudzera ku Cassacatiza ndi mzinda wa Tete. Zambia alibe nyanja, ndiye doko lililonse lotseguka limachepetsa mphamvu ya linzake yokweza mitengo. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba ndipo magetsi akuzima pafupifupi tsiku lonse, ena mwa amene ankayaka kwa maola ochepawo ankagulidwa ku Mozambique kudzera mu mgwirizano wa magetsi umene mayiko a SADC anakhazikitsa mu 1995. Zimenezi si zazing'ono. Komatu kudalirana kuli ndi tsiku lake loipa. Chisankho cha Okutobala 2024 chitabutsa ziwonetsero pakati pa otsatira a Venâncio Mondlane ndi boma la Frelimo, misewu inatsekedwa, madalaivala anaima ndi katundu, ndipo amene analibe voti ku Mozambique analipira nawo.

Mlandu waukulu wa otsutsa ndi wa mafakitale. Mozambique anali mmodzi wa mayiko otsogola padziko lonse pa mtedza wa kashu, ndipo anali ndi mafakitale ousenda. Mu 1995 World Bank inaumirira kuti ngongole zina sizituluka pokhapokha boma litachepetsa msonkho woteteza mafakitalewo ndi kulola kashu wosasenda kupita ku India. Pasanathe zaka zambiri mafakitale ambiri anatsekedwa ndipo anthu pafupifupi 10,000 anataya ntchito, pamene phindu la mlimi linali lochepa zedi. Kuno kwathu tikukumbukira fakitale ya njinga ya ku Chipata, ya mabatire ya ku Mansa ndi ya magalimoto ya ku Livingstone. Shoprite italowa m'dziko mu 1995 n'kufika ku Chipata, alimi a ndiwo zamasamba a ku Luangeni anadandaula kuti msika wawo wa m'tauni walandidwa ndi katundu wochokera kutali, mpaka panachita kukhala zokambirana kuti sitoloyo izigulanso kwa iwo. Msika waufulu wa SADC utayamba mu 2008, wamphamvu anali wodziwika kale. Katundu wopangidwa amachokera ku Johannesburg, ife n'kumatumiza miyala, fodya, thonje ndi anyamata.

Koma aliyense wa zaka zoposa makumi asanu akudziwanso mbali ina ya nkhaniyi. Masitolo a boma ku Mozambique anali ndi mashelefu opanda kanthu. Kuno tinkafola mzere wa sopo, shuga, saladi ndi ufa, ndipo mtengo wa ufawo unabutsa zipolowe mu 1986 ndi mu 1990. NAMBOARD inkachedwa kutenga chimanga mpaka mvula kuchipeza pa depoti. Makampani ambiri amene timawalira anali akudwala kale mpikisano usanafike. Ndiponso za kashu zija mlandu wake ndi wa obwereketsa ndalama, osati wa SADC. Vuto la dziko lotuluka m'chikomyunizimu lili ndi ngongole n'lakuti zitseko zonse zimatseguka nthawi imodzi, ndipo silisankha loyamba. Pa shuga Mozambique anakana kumvera, anasunga msonkho woteteza, ndipo mafakitale a ku Xinavane ndi Marromeu anadzukanso. Zikuonetsa kuti malo okanira analipo kwa wolimba mtima.

Kusiyana kwakukulu kwa gulu lathu ndi la ku Ulaya kuli pa ziwiri: thumba ndi bwalo la milandu. Kumeneko olemera amasonkha ndalama zokwezera madera osauka. Kuno ntchito zambiri za likulu la SADC ku Gaborone zimadalira thandizo la mayiko akunja, la European Union yomweyo lili m'gulu. Kumeneko chigamulo cha bwalo la ku Luxembourg chimamanga boma, ndipo Poland ndi Hungary ataseweretsa makhoti awo anaimitsiridwa ndalama. Kuno tinali ndi bwalo ku Windhoek kumene munthu wamba akanatha kusumira boma lake. Mu 2008 linagamula mokomera alimi achizungu, motsogozedwa ndi Mike Campbell, amene minda yawo inalandidwa ku Zimbabwe. A Mugabe anakana chigamulocho, mu 2010 atsogoleri anzawo analiimitsa bwalolo, ndipo mu 2012 ku Maputo anagwirizana kuti lizingomva milandu ya boma ndi boma. Munthu angakhale ndi maganizo ake pa nkhani ya malo ku Zimbabwe, koma amene anataya bwalo si alimi achizungu okha. Wa ku Moatize wosamutsidwa ndi mgodi wa malasha analitayanso. Momwemonso a Nevers Mumba, potsogolera oona chisankho cha Zimbabwe mu 2023, atanena kuti sichinakwaniritse mfundo za gululi, ananyozedwa ngati apalamula.

Ena anena kuti kufooka kumeneku ndi chitetezo chathu, ndipo pa nkhani ya ndalama ndikugwirizana nawo. SADC inalonjeza msonkho umodzi wa pamalire pofika 2010, msika umodzi 2015, ndi ndalama imodzi 2018. Palibe chimene chinachitika, ndipo mwina n'chabwino. Mu 2016 zinaululika kuti akuluakulu ena a ku Mozambique anabwereka mobisa madola pafupifupi 2 biliyoni, ndipo metikali inagwa. Mu Novembala 2020 Zambia analephera kubweza ngongole zake. Ndalama ikanakhala imodzi, mlimi wa kwa Zingalume akanalipira sitima za nsomba za ngongole yobisa ija zoima padoko la Maputo, ndipo wa ku Furancungo akanalipira ngongole za ku Lusaka. Mayiko amene anamenyera ufulu wawo ndi magazi sachedwa kukayikira aliyense wofuna kuwalamula kuchokera kunja, ndipo kukayikirako sikuti n'kopanda maziko. Chovuta n'chakuti mawu akuti ufulu wa dziko amatuluka msanga pakamwa pa wolamula akafunsidwa za chisankho kapena za ngongole, osati pamene akusaina migodi.

Za kuyenda kwa anthu, ife tinalandira kuipa kwa Bulgaria popanda ubwino wake. Anyamata athu ndi a ku Tete amapita ku Joni ndi ku migodi chimodzimodzi, koma Mpolishi wa ku Dublin ali ndi ufulu wogwira ntchito ndi wopita kukhoti, pamene wathu amabisala. Mu Meyi 2008 anthu 62 anaphedwa ku South Africa pa ziwawa zothamangitsa obwera, ena mwa iwo a ku Mozambique. Pangano la SADC lofewetsa kuyenda kwa anthu linasainidwa mu 2005, koma linakhala zaka zambiri pashelefu chifukwa mayiko olivomereza anali ochepa.

Pomwe nkhaniyi imafika pa thumba la munthu wa ku Chadiza ndi pa COMESA. Likulu lake lili ku Lusaka, Zambia ndi Malawi ali momwemo, koma Mozambique anatulukamo mu 1997 posankha kukhala mu SADC yokha. Ndiye pa Mwami, polowera ku Mchinji, pali ndondomeko ya amalonda ang'onoang'ono: katundu wosapitirira madola 2,000, ngati ali pa mndandanda umene mayiko awiriwo anagwirizana, amadutsa ndi fomu yachidule popanda msonkho wa kasitomu, ndipo pali desiki yothandiza wosadziwa kulemba. Mu Disembala 2022 a Hakainde Hichilema ndi a Lazarus Chakwera anatsegula pomwepo ofesi imodzi yoti munthu aziima kamodzi kokha. Ndondomeko ya COMESA imeneyi sifika pa Chanida. Thiraki ya kampani ili ndi ejenti wokonza mapepala, ndipo ufulu wa malonda wa SADC imaudya. Mayi wa matumba atatu a nyemba kapena a nshawa alibe ejenti. Amakweza katundu pa njinga, n'kulowa njira za chidule, kumene amakumana ndi aliyense wovala yunifolomu ndipo mtengo amachita kukambirana. M'mabuku a boma iye ndi wozembetsa.

Chimanga ndiye chimavula mapangano onse. Chaka chikavuta, monga 2024 pamene a Hichilema analengeza kuti chilala ndi ngozi ya dziko, boma limatseka malire ndi kutumiza a ZNS. Boma lili ndi mfundo: feteleza wa FISP amalipiridwa ndi msonkho wa anthu a ku Zambia, ndipo palibe mtsogoleri angaonerere chimanga chikutuluka ana akugona ndi njala. Mlimi nayenso ali ndi mfundo: chaka cha zokolola zambiri palibe amene amamuteteza kwa mavenda a masikelo, FRA imachedwa kulipira, koma chaka chimene mtengo wakwera tsidya linalo ndi pamene amauzidwa kuti akonde dziko lake. Ndipo chimanga chimayenda mbali zonse ziwiri. Pali zaka zimene nkhokwe za ku Chifunde ndi Macanga ndizo zimadyetsa midzi ya kuno. Ku Ulaya boma silingatseke malire a tirigu mwa kufuna kwake; kuno nduna imangolengeza pa wailesi. Ndani ali bwino pa awiriwa zimadalira ngati chaka chimenecho ukugulitsa kapena ukugula.

Ndikaika zonsezi pa sikelo, ndikuona kuti Mozambique sanalakwe kulowa, ndipo ifenso tinapindula kuti analowa. Koma sindikhumbira ndalama imodzi kapena nyumba ya malamulo imodzi ya chigawo chonse. Ndikhumbira zing'onozing'ono ziwiri: bwalo lija libwezeredwe kwa anthu wamba, ndipo ndondomeko ya pa Mwami ifike pa Chanida. Yachiwiriyi sifunika kudikira kuti Mozambique abwerere mu COMESA, kapena kuti msika wa Africa yonse, umene unalengezedwa kuti wayamba pa 1 Januwale 2021, ufike kumudzi. Lusaka ndi Maputo atha kugwirizana okha mndandanda wa katundu: nyemba, nshawa, soya, mbatata, nsomba zouma, mbuzi, zitenje, sopo. Pa chimanga, mndandandawo unene pasadakhale kuti chaka cha chilala munthu angadutse ndi matumba angati, kuti msilikali wa pamalire asamadzipangire lamulo. Fomuyo idzafunika kulembedwanso m'Chichewa, chifukwa wa ZRA amalemba Chingerezi, mnzake wa ku Cassacatiza amalemba Chipwitikizi, ndipo mayi wa nyemba uja, kaya achokere mbali iti, nthawi zambiri sawerenga ziwirizo.